Ambulera Yachikasu

Namwinoyo anagundidwa ndi galimoto mvula ili mkati, atangochoka kumene kokapereka umboni. Galimotoyo inamudzera kumbuyo, inasiya msewu n'kukwera m'mbali moyenda anthu, ndipo sinaime. Amene analipo anangoona kuti inali yoyera. Apolisi akanaiyesa ngozi wamba, pakanapanda mlembi wa bungwe lomwe namwinoyo anakaperekako umboni, amene anafika kupolisi akulira kuti wogundidwayo ndi mboni yawo.

Inspekita, wapolisi wamkazi amene anapatsidwa mlanduwo, anamupeza namwinoyo m'mawa mwake m'wodi ya amayi pachipatala chachikulu. Mutu ndi nkhope zinali zitakulungidwa mabandeji, pakamwa pokha ndi pomwe pankaoneka. Mayi ake anali atakhala pansi pambali pa bedi, akumuingitsira ntchentche ndi mpango. Ataona mlendo anasendera n'kumusiyira katoni yomwe anakhalapo, iwo n'kukhala pasimenti.

Inspekita anathokoza, anakhala, n'kupemphera chamumtima pemphero lake la mlandu uliwonse: kuti asaloze chala munthu wosalakwa, ndiponso kuti asachedwe.

"Wayankhulapo, amayi?"

"Ayi, mwananga. Adokotala akuti tidikire. Kudikirako ndingathe, koma ndili ndi mantha. Dzulo pochoka pakhomo anandiuza kuti, amayi, ndikachedwa musatsegulire munthu."

Pansi pa bedi panali chikwama, nsapato imodzi, ndi ambulera yachikasu yothyoka mawaya.

"Imeneyo si yake," anatero mayiwo ataona komwe Inspekita wayang'ana. "Yake ndi yakuda, anaiiwala kuseri kwa chitseko. Iyi kaya anabwereka kwa ndani. Ndikuisunga, mwini wake angadzaifune."

Sajeni, bambo wa imvi amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, ankadikira pakhomo la wodi.

"Tiike wapolisi pabedi paja, Mayi."

"Ayi. Taonani wodiyi, omangidwa mabandeji alimo angati? Wogundayo anaona msana, mumvula. Nkhope sanaione, dzina salidziwa. Tikaimika yunifomu pabedi, ndiye kuti tamulozera tokha."

"Mukuganiza kuti abweranso?"

"Abwera, a Sajeni. Ntchito sanaimalize."

* * *

Bungwelo anthu ankalitchula kuti Bungwe la Chikumbumtima. Ntchito yake inali kulangiza boma ndi Nyumba ya Malamulo pa nkhani zokhudza thupi la munthu ndi ulemu wake, lamulo lisanakhazikitsidwe. Silinkamanga munthu, silinkagamula mlandu, koma likanena kuti ichi n'chosayenera, aphungu ankachita manyazi kuchivomereza. Masiku amenewo linkaunika lamulo lofuna kulola zipatala kusunga magazi a odwala n'kuwatumiza kunja kukawafufuza popanda kupempha eni ake. Namwino uja anabwera kudzanena kuti chipatala china cholipira, komwe iye ankagwira ntchito, chinayamba kale kuchita zimenezo kwa amayi oyembekezera, lamulolo lisanabadwe n'komwe.

Wapampando wa bungwelo, woweruza milandu wopuma pantchito, anawalandira pamasitepe ndi manja awiri. Anafunsa kaye za wovulalayo asanafunse china chilichonse. Kenako anawalowetsa m'chipinda chochitiramo misonkhano. Munali tebulo lozungulira, ndipo pakona panali katani yokhuthala yofika pansi.

"Mwambo wathu ndi uwu, Mayi," anatero ndi mawu ofewa. "Mboni yoopa moyo wake imalowera khomo lakumbuyo n'kukhala kuseri kwa katani. Sitiiona. Ngakhale mawu ake sitiwamva: imanong'oneza mlembi wathu, mlembiyo n'kumanena mokweza. Ikatha imatulukira khomo lomwelo, lomwe limagwera m'holo ya positi ofesi, momwe anthu amapiringana tsiku lonse. Ukatulukira mmenemo wasanduka dontho mumtsinje."

"Ndiye umboni wake muli nawo kale."

"Theka lokha. Popeza mawuwo anadzera pakamwa pa munthu wina, mboni iyenera kubweranso, tiibwerezere zomwe tinamva, ivomereze kuti n'zake. Ikapanda kutero umboni wonse umagwa, ngati sunanenedwe. Ndipo aphungu akudikira langizo lathu."

"Nanga amaona nkhope ya mboni ndani?"

Wapampando anatsitsa mawu.

"Sindikonda kunena zimenezi. Mlembi yekha. Ndi mwana wabwino, Mayi. Koma ana abwino nawonso amakhala ndi owaopseza."

Potuluka, bamboyo anaima pakhonde ngati wakumbukira kanthu. "Kuchipatala chachikulu kuja kumazizira, ndinagonako chaka chatha. Dalaivala!"

Mwamuna wamtali amene ankapukuta galimoto anatembenuka nthawi yomweyo, mawuwo asanathe n'komwe. Anatsegula kumbuyo n'kubweretsa bulangete lofiira, lochindikala, latsopano.

"Ine sindiloledwa kumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa," anatero Wapampando. "Koma mukamufunditse ili. Musanene kuti lachokera kwa ine."

Inspekita anali munthu wotolera tizinthu totere mumtima. Pantchito yake ankaona zoipa zambiri, ndipo katoni ya mayi uja, kapena bulangete ngati ili, n'zomwe zinkamuuza kuti dziko silinaole lonse. Analilandira, n'kulipereka kwa Sajeni.

"Kavuleni yunifomu, mukapereke kwa mayi ake ngati wachibale."

"Ndikadzagonekedwa ine mudzandipemphereko lotere, Mayi," anatero Sajeni akulisisita. "La kunyumba lija mphaka amadutsa pabowo osawerama."

* * *

Mmodzi mwa mamembala a bungwelo anali dokotala wa opaleshoni, yemwe anzake ankamutchula kuti Singano. Sanadikire kuitanidwa. Anamupeza yekha Inspekita mukhonde, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mukufuna ine, eti? Aliyense akufuna ine. Inde, lamuloli ndikugwirizana nalo. Magazi omwe timataya tsiku ndi tsiku angapulumutse ana anu omwe. Ndinanena poyera, ndidzanenanso. Munthu wonena poyera safuna galimoto yoti imuyankhulire."

"Msonkhano wa dzulo utatha munapita kuti, adokotala?"

"Kuchipinda cha opaleshoni, ndikuthamanga ngati wakuba. Kafunseni, anandiona anthu ambiri. Wodwala wanga anali atagona kale patebulo, ine kulibe. Chifukwa cha wapampando, a Tcheya anuwo."

"Anatani?"

"Munthu amene amatseka msonkhano ngati sitolo! Nthawi ikangokwana, ngakhale uli pakati pa mawu, basi tiyeni tipemphere. Koma dzulo mafunso atatha, iwo n'kuyambanso. Funso lomwelo kulitembenuza uku, kulitembenuza uku, maso ali pawindo. Ndinachita kufunsa kuti a Tcheya, mukudikira basi? Mvula itangoyamba kugunda malata, ndiye akuti titseke."

"Mwina ankafuna kumvetsa bwino."

"Mwina." Singano anaseka chamumphuno. "Tili ndi mwambo wina, sanakuuzeni? Msonkhano uliwonse umayamba ndi mawu akuti, amene ali ndi m'bale pankhaniyi aimirire, atuluke. Dzulo palibe anaimirira. Madzulo mkazi wanga, yemwe amadziwa maukwati a mumzinda muno kuposa mmene ine ndimadziwira matenda, anandiuza kuti mwini chipatala chomwe mboni inatchula chija anakwatira mwana wa a Tcheya. Kaya n'zoona. Apolisi ndinu."

Anatembenuka n'kumapita. Inspekita anaima akumuyang'ana. Munthuyo sanafunseko n'komwe ngati wovulalayo ali moyo. Mawu a munthu wotere, onenera mnzake wopereka bulangete, mtima wake unawakana.

* * *

Mlembi anali m'kachipinda kake kumbuyo, atakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu amene wakonzeka kale kutengedwa.

"Mundimanga, eti? Lero m'nyumba muno palibe wandipatsa moni. Ngakhale wosesa wandilambalala."

"Sindinabwere ndi unyolo, achemwali. Tandifotokozerani za dzulo."

Mawu ake anatuluka motsatizana, osapumira. "Sindinauze munthu, Mayi, ngakhale amuna anga. Dzina lake sindinalembe paliponse, lili m'mutu muno basi. Ankanjenjemera. Pondinong'oneza milomo yake inkandikhudza khutu, yozizira ngati ya munthu wotuluka m'madzi. Ndinamugwira dzanja mpaka kumaliza. Ndiye ine yemweyo ndikamupereke? Nditamva anthu akukuwa panja ndinathamangira komweko, n'kupeza akumunyamula. Ndinalephera ngakhale kumutchula dzina kuti adziwe kuti ndilipo."

"Tandionetseni khomolo."

Anadutsa kuseri kwa katani, pomwe panali mipando iwiri yoyandikana, n'kutsegula kachitseko kopanda chizindikiro chilichonse. Phokoso la positi ofesi linawalandira. Anthu anali pamizere, ena atanyamula makatoni, ena ana kumbuyo, kulowa ndi kutuluka osaleka. Palibe anawayang'ana.

Inspekita anaima pamenepo akusinkhasinkha. Munthu wodikira mumsewu, wosadziwa nkhope, wosadziwa dzina, akanamusankha bwanji mayi mmodzi pachigulu chotere?

"Munamuperekeza?"

"Sitiloledwa."

"Anavala za unamwino?"

"Ayi, diresi wamba, lotuwa."

"Ananyamula chiyani?"

"Chikwama chake. Basi." Mlembi anaima kaye. "Ndi ambulera."

"Anabwera nayo?"

"Ayi. Pomwe timatseka mvula inali itayamba. Sisitere wa m'bungwe lathu anaipititsa pansi pa katani, akuti mupatseni mwanayo asanyowe. Kodi pamenepo talakwa, Mayi?"

Inspekita ankayang'ana khomo lalikulu lotulukira mumsewu, ndipo m'maganizo ankaona mvula ya dzulo, maambulera akuda akutseguka imodziimodzi pamasitepe, ndi imodzi yachikasu pakati pawo, yowala ngati nyali.

* * *

Sisitere, amene ankaimira mipingo m'bungwemo, anali nkhalamba yovutika kumva, ndipo ankayankhula mokweza ngati kuti wogonthayo ndi mnzake. Inspekita anamupeza m'kakhitchini, akutsuka makapu omwe sanamwere iye.

"Ambulera yanga? Ine ndi ambulera? Mwananga, ine ndakalamba ndi chijasi chapulasitiki, chija chimalira ngati thumba la mumsika. Ndikamalowa m'tchalitchi anthu amadziwiratu."

"Koma munaipereka ndinu."

"Kupereka ndinapereka. A Tcheya anandipatsira pansi pa tebulo. Akuti, Sisitere, wapampando sayenera kuoneka ngati akukondera mboni, perekani ndinu. Yatsopano, kapepala ka kusitolo kadakali pachogwirira. Ndinati mumtima, taonani, munthu woyenda pagalimoto kukumbukira woyenda pansi. Amakonda kuchita zabwino mobisa bambo amene aja, dzanja lamanzere lisadziwe. Mwananga? Bwanji? Nkhope yako yatuwa."

Kugula ambulera yowala. Kudikira mvula. Kuipereka kudzera m'dzanja la munthu wina.

Musanene kuti lachokera kwa ine.

"Bulangete," anatero Inspekita.

Anathamangira panja akuimba foni. Galimoto ya Wapampando inali pamalo pake, nsanza yopukutira ili padenga. Dalaivala kunalibe.

"A Sajeni, muli kuti?"

"Ndikubwerera, Mayi. Ndapereka kale. Mayi aja alandira mogwada, akuti Mulungu adalitse..."

"Bwererani! Kalichotseni pabedi paja! Thamangani!"

* * *

Inali nthawi yoona odwala ya masana. Pachipata anthu ankakankhana ndi madengu, mafulasiki ndi mabeseni, ndipo mlonda anali atasiya kufunsa. Inspekita anadutsa pakati pawo osapepesa, chinthu chomwe sanazolowere. Pamasitepe pemphero lake linali litafupika, latsala mawu amodzi: ndisachedwe, ndisachedwe.

M'wodi munali modzaza. Anafika pabedi la namwino n'kupeza akupuma monga m'mawa, atafunda bulangete lake lakale lotuwa. Mayi ake anamwetulira.

"Bulangete lofiira lija lili kuti, amayi?"

"Ndapatsa mtsikana uyo wa pawindo. Alibe womudikirira, chibwerereni akungonjenjemera. Wangayu ali nalo lake."

Inspekita anatembenuka. Kumapeto kwa wodi, pansi pa windo, bulangetelo linkawala pakati pa zofunda zotuwa. Analifunda mtsikana womangidwa mabandeji kumutu, ali m'tulo. Pambali pake panaima mwamuna wamtali wovala chijasi choyera, atafulatira, dzanja limodzi litagwira kapaipi ka diripi. Anthu ankamulambalala mwaulemu.

Panali kutali. Pakati panali mabedi, madengu, ana, ndi mayi wina akudyetsa wodwala wake. Kuthamanga sakanafika.

"Adokotala!" anaitana.

Munthuyo sanatembenuke. Dzanja lake lina linatuluka m'thumba, likugwira jakisoni.

Inspekita anakoka mpweya, n'kuitana ndi mawu omwe anawamva pakhonde m'mawa uja.

"Dalaivala!"

Anatembenuka nthawi yomweyo, mawuwo asanathe. Thupi lake linavomera iye asanaganize. Maso awo anakumana, jakisoni anagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa bedi.

"Mugwireni! Si dokotala!"

Anayesa kuthawira kukhomo, koma wodi ya amayi si malo othawiramo. Wina anamutchinga ndi beseni, wina anamukola mwendo ndi dengu. Atagwa, Sajeni anatulukira pakhomo ali wefuwefu, n'kungomukhalira pamsana chifukwa mphamvu zina zinali zitamuthera pamasitepe.

"Achimwene, musagwedezeke," anatero Sajeni. "Ndine wolemera, komanso ndatopa."

"Ine ndimangotumidwa," analira dalaivalayo, tsaya lili pasimenti. "Sindikumudziwa n'komwe. Dzulo anati wa ambulera yachikasu. Lero anati wofunda chofiira."

Inspekita anapita pawindo. Mtsikanayo anali adakali m'tulo, diripi ikudontha bwinobwino. Anavula juzi yake n'kumufunditsa, kenako n'kuchotsa bulangetelo pang'onopang'ono kuti asamudzutse.

Mayi ake a namwino anali ataima kumbuyo kwake, atagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ndikanaphetsa mwana wa eni."

"Inu munafunditsa mwana wozizidwa, amayi. Zinazo si zanu. Ngati pali wolakwa, bulangeteli linadzera m'manja mwanga."

Mayiwo anamugwira mkono n'kumukokera pabedi la mwana wawo. Phokoso lija linali litafika komwe mankhwala analephera kufika. Milomo ya namwinoyo inkagwedezeka.

* * *

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe, bungwe linakumananso monga linakonzera. Inspekita anaima kaye pakachipinda ka kumbuyo. Mlembi anali pomwe anamusiya, chikwama chidakali pamiyendo.

"Nyamukani, achemwali. Mboni yanu yayamba kuyendetsa milomo, ndipo khutu lomwe ikulidziwa ndi lanu. Galimoto yathu ikukudikirani panja."

Mlembi anaphimba nkhope ndi chikwamacho. Inspekita anamusiya alire.

Atatsegula chitseko cha chipinda cha misonkhano anapeza onse ataweramitsa mitu. Wapampando ankatsegulira ndi pemphero, ndi mawu ake ofewa aja, akupempherera wovulala wosadziwika dzina, kuti Mulungu amukumbukire pabedi lake. Inspekita sanalowe. Anaima pakhomo, Sajeni ali kumbuyo kwake, n'kudikira. Sanazolowere kudula pemphero la munthu, ngakhale la munthu ameneyu.

"Ameni," anatero onse.

Anayenda mpaka patebulo lozungulira. Anaikapo bulangete lofiira, atalipinda bwino, ndipo pamwamba pake anaika ambulera yachikasu yothyoka mawaya.

"Ndabweza katundu wanu, bambo. Ambulerayi mayi ake a mboni anati mwini wake angadzaifune."

Sisitere anayang'ana ambulerayo, anayang'ana dzanja lake lomwe linaipereka, n'kulibisa m'chovala. Ndiye anali wamkulu pa onse, choncho mawu oyambira msonkhano anali ake. Anawanena mokweza monga mwa masiku onse.

"Amene ali ndi m'bale pankhaniyi aimirire, atuluke."

Mvula inali itayambanso kugunda malata. Wapampando anayang'ana pawindo kwa nthawi yaitali. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, n'kuimirira.